Mlendo Wokhalitsa Pamudzi Apatsidwe Khasu

Chiyambire pamene nkhondo inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago mwakhala mukufika anthu a maiko akutali amene sabwera kudzangoona madzi n'kubwerera. Ena amabwera ndi mipingo, ena ndi mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, ena kudzamanga malo ogona alendo pamchenga, ndipo ena ndi amalonda. Amachita lendi nyumba kapena kumanga yawo, nakhala zaka ziwiri, zisanu, ena mpaka khumi. Pa Chiwanga, mudzi umene uli pang'ono kumpoto kwa Metangula ndipo mchenga wake ndi wodziwika m'chigawo chonse cha Niassa, nkhope za anthu otere si zachilendo. Nkhani imene sinakambidwe mokwanira pabwalo ndi yakuti munthu wotere akhale bwanji pamudzi, ndipo mudzi umusunge bwanji.

Mwambo wa kunyanja pa za mlendo ndi womveka. Akafika amamuyalira mphasa, amamupatsa madzi, amamuphikira nsomba yabwino, ndipo samufunsa kuti achoka liti. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo ponena izi amanena za munthu wogona masiku awiri kapena atatu. Koma munthu amene waona mwera kawiri, wadwala malungo pamudzi pomwepo, ndipo ana onse akumudziwa dzina, wasiya kukhala mame. Ameneyo ayenera kupatsidwa khasu, ndiye kuti mbali yake pa ntchito, pa maliro ndi pa milandu ya mudzi, ndipo iye ayenera kulilandira ndi manja awiri. Zimenezi zikapanda kuchitika onse awiri amaluza, koma woluza kwambiri ndi mudzi, pakuti mlendo ali ndi kwawo koti abwerere.

Ambiri amaganiza kuti mzungu wokhala kumudzi ali pa mtendere wokhawokha. Zoona zake n'zakuti miyezi yoyamba imamuvuta kwambiri. Amachokera ku Lichinga kumene kumazizira, nayenda makilomita oposa 100 kudzera ku Maniamba, ndipo akatsika mapiri amakumana ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumene sikumugonetsa tulo. Udzudzu sumuopa khungu, ndipo malungo amamugwetsa koposa mwini mudzi chifukwa thupi lake silinakumane nawo chiyambire ubwana. Akasambira m'mabango amatenga likodzo monga wina aliyense. Nsima ya chinangwa, imene mwana wa kunyanja amaisowa akapita kutauni, iye imamukanirira pakhosi, ndipo fungo la chinangwa chovikidwa limamuthamangitsa. Akaona amayi akukola nkhungu ndi madengu n'kuziumba kuti zikhale ndiwo, amayamba wadabwa. Patapita nthawi ena amazolowera mpaka kufunsa okha usipa ndi chigwada, ena sazolowera mpaka tsiku lochoka.

Vuto lina ndi la chinenero. Ambiri amaphunzira Chipwitikizi asanabwere, poganiza kuti chikwanira dziko lonse la Moçambique. Chimawathandizadi ku ofesi ya Administrador ndi ku Migração ku Lichinga kumene amakakonzetsa chikalata chawo chokhalira m'dziko, chija amati DIRE. Koma akafika pamadzi pamene amayi akuchapa, kapena pansi pa mtengo pamene amuna akusoka chilimira, amapeza kuti nkhani zonse zenizeni zikukambidwa m'Chinyanja, ndipo kwina m'Chiyao. Munthu wosamva chinenero amakhala ngati mwana pakati pa akulu: amaseka pamene ena aseka, osadziwa ngati akusekedwa ndi iyeyo. Onjezanipo kusungulumwa. Lero kuli mafoni a m'manja ndi magetsi a dzuwa, kotero uthenga wa kwawo umafika tsiku lomwelo, pamene kale kalata inkatenga miyezi. Komabe foni siilowa m'malo mwa mbale, ndipo mayi wake akadwala kutsidya kwa nyanja zamchere, iye amakhala yekha ndi nkhawa yake usiku.

Palinso chinthu chimodzi chimene anthu a ku Ulaya ndi ku America amavutika nacho koposa zonse, ndicho chakuti kumudzi munthu sakhala payekha. Kwawo chitseko chikatsekedwa ndiye kuti chatsekedwa, ndipo wofuna kucheza amayamba wapangana tsiku. Kuno odi amamveka dzuwa lisanatuluke, ana amasuzumira pampanda, ndipo wopita kumsika sangadutse khomo la munthu osaima kufunsa za kudzuka kwa banja lonse. Wochoka pa Chiwanga kupita ku Msumba, ulendo waufupi ndithu, angathe kuthera theka la m'mawa ndi malonje okhaokha. Pamenepa ndi pamene alendo okhalitsa amagawikana m'magulu awiri.

Gulu loyamba limathawa zonsezi pomanga mpanda wautali. M'kati mwake muli mlonda, galu, jenereta ndi galimoto. Chakudya chimachokera ku Lichinga mwezi ndi mwezi m'makatoni. Anthu a pamudzi amene mlendoyu amawadziwa ndi atatu basi, wophika, wochapa ndi wolondera, ndipo zonse zimene akudziwa za mudzi amazimva kwa iwo. Ng'oma ya mganda ikamalira iye amatseka mawindo. Maliro akagwa pakhomo loyandikana nalo amangotumiza ndalama ndi wantchito, mwinanso osamva n'komwe. Munthu wotere angathe kukhala zaka zisanu pa Chiwanga koma osadziwa dzina la mfumu.

Gulu lachiwiri limavomera kuoneka lopusa kwa miyezi ingapo. Limaphunzira moni n'kumalakwitsa, anthu n'kumaseka, mpaka lilime limasuka. Limagula usipa pagombe mabwato akamakocheza m'mawa, mandasi kwa mayi wa pamsewu, ndi nsungwi kwa mnansi. Likamva kulira, limavala bwino n'kupita kusiwa, amuna kukakhala ndi amuna anzawo, akazi kukathandiza kutunga madzi ndi kuphika, ndipo limaponya chipepeso chake m'mbale monga aliyense. Mwera ukakula m'miyezi ya Juni ndi Julayi, limamvera asodzi akanena kuti lero si tsiku lokwera bwato. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimasonyeza ngati ntchito imene mlendoyo wadzera idzakhala kapena idzafa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mlendo wa m'mpanda akafuna kukumba mjigo, amafunsa munthu mmodzi wodziwa Chipwitikizi, ndipo mjigo umakumbidwa pafupi ndi khomo la munthuyo, kapena pafupi ndi manda pamene amayi sadzatungapo. Akafuna kuphunzitsa ulimi amaitana msonkhano m'mawa umene amuna angobwera kumene kuchokera kunyanja kumene achezera usiku wonse, ndipo akaona anthu akuwodzera amati ndi aulesi. Wa gulu lachiwiri sagwa m'maenje otere, chifukwa nkhani amazimva yekha pachitsime ndi pamaliro, ndipo akamasokera pamakhala agogo ena omutsina khutu.

Anthu a kunyanja safunika kuuzidwa ndi wina za zimenezi, pakuti mbiri yawo yomwe ili ndi zitsanzo. William Percival Johnson, wansembe wa ku England wa mishoni ya UMCA, anafika panyanja ino m'chaka cha 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Janson anamwalira chaka chomwecho cha ku Chia ndipo anaikidwa m'dothi la kuno. Johnson anatsala yekha. M'chaka cha 1884 anadwala maso mpaka anatsala pang'ono kukhala wakhungu, koma atachira pang'ono anabwereranso. Zaka zambiri nyumba yake inali sitima, poyamba Charles Janson ndipo pambuyo pake Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1901, ndipo ankatsika mudzi ndi mudzi m'mphepete monsemu. Anaphunzira chinenero cha eni dziko mpaka anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno. Anamwalira m'chaka cha 1928 ku Liuli, kumpoto kwa nyanja yomweyi, atakhala zaka 46 pakati pa anthu amene anawapeza, ndipo manda ake ali komweko.

Wina ndi John Paul, wansembe amene anafika pa mishoni ya Msumba m'chaka cha 1957 nakhalapo zaka zoposa khumi. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba m'mwezi wa Sepitembala 1964, ndipo asilikali a Chipwitikizi atayamba kuotcha midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'chaka chotsatira, anthu zikwizikwi anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo ena ambiri anabisala pamishoni. Paul anali ndi pasipoti yomulola kuchoka tsiku lililonse, koma anakhala nawo m'zaka zoopsa zimenezo. Zimene anaona, kuphatikizapo nkhanza za asilikali ndi za apolisi a PIDE, anazilemba m'buku lake lotchedwa Mozambique: Memoirs of a Revolution, limene linatuluka m'chaka cha 1975. Sakadatha kulemba umboni wotere akadakhala munthu wongomva nkhani kwa wophika.

Mbiri yomweyo ili ndi alendo a mtundu wina. Akapitawo a Companhia do Niassa, imene inalamulira dziko lino mpaka chaka cha 1929, nawonso ankakhala m'midzi zaka zambiri, koma chimene ankadziwa cha mudzi ndi chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho ndi cha amuna ogwira ntchito yokakamiza. Akuluakulu sakumbukira dzina la mmodzi wa iwo ndi chikondi. Ngakhale amishoni amene amatamandidwa sanali opanda banga. Anachedwa kwambiri kupereka utsogoleri kwa eni dziko, kotero kuti kuchokera pamene Johnson anafika panapita zaka pafupifupi 100 kuti dayosizi ya Niassa ikhale payokha ndi bishopu wake woyamba, Paulo Litumbe, amene Apwitikizi anamumanga m'chaka cha 1972. Mark Van Koevering wa ku America, amene anayamba ndi ntchito za ulimi m'dziko muno nkhondo ili m'kati, anatsogolera dayosiziyi kuyambira 2003 mpaka 2015, ndipo amene analowa m'malo mwake m'chaka cha 2017 anali Vicente Msosa, mwana wa pa Chiwanga pomwepa. Muyeso wa mlendo wokhalitsa uli pamenepo: akachoka, ntchito itsale m'manja mwa mwana wa pamudzi amene akuidziwa.

Tsono mlandu suli kwa alendo okha. Midzi nayonso imamanga mpanda wake. Pali chizolowezi chotcha mzungu aliyense kuti bwana kapena patrão, kumupatsa mpando pamene mfumu yakhala pamphasa, ndi kumuvomera chilichonse pamaso pake n'kumakang'ung'udza iye atachoka. Akalakwa mwambo, monga kudutsa pamaliro ndi galimoto osachepetsa liwiro, kapena kusamba pagombe la amayi, palibe womuuza, ndipo mawa amabwerezanso. Ulemu wotere umamupweteka, chifukwa umamusiya mu umbuli. Mwana wa pamudzi akalakwa amalangizidwa, mkamwini akalakwa ankhoswe amamuitana, ndipo mlendo wokhalitsa nayenso ayenera kuitanidwa pambali ndi munthu wamkulu n'kuuzidwa mofatsa kuti kuno zotere sizichitika.

Chizolowezi china ndi chosandutsa khomo la mlendo kukhala loja yopanda mitengo. M'mawa wina wadzapempha ya sopo, masana wina ya mayeso a mwana, madzulo wina ya mafuta a injini. Usipa umene wina aliyense akugula pa mtengo wodziwika, iye amauzidwa mtengo wowirikiza katatu. N'zoona kuti umphawi ulipo ndipo n'zoona kuti iye ali ndi zambiri kuposa anansi ake. Koma munthu amene waphunzira kuti moni aliyense amathera pa pempho amasiya kutuluka, ndipo mpanda wautali uja nthawi zambiri umayamba chotere. Kuthandizana kwa kumudzi kumayenda mbali ziwiri. Amene wabwereka galimoto ya mlendo kutengera wodwala ku chipatala cha Metangula ayenera kukhala woyamba kufika tsiku limene denga la mlendoyo lasasuka ndi mphepo. Choyipa koposa n'chakuti kupempha kukazolowereka, mudzi umaiwala zimene unkadzichitira wokha, monga kukonza mlatho kapena kufolera sukulu, n'kumadikira mzungu, ndipo akachoka zonse zimaima.

Nkhani imene ili ndi ngozi yaikulu ndi ya malo. Mlendo wokhalitsa posachedwa amafuna pomanga, ndipo maso ake amagwera pamchenga, pamalo pomwe mabwato amakocheza, pomwe usipa umayanikidwa ndi pomwe amayi amachapira. Malamulo aakulu a dziko la Moçambique amati nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa. Lamulo la malo la chaka cha 1997 linatsimikiza kuti mudzi kapena banja limene lakhala pamalo mwa mwambo lili ndi ufulu pamalopo ngakhale lilibe chikalata, ndi kuti munthu asanapatsidwe chilolezo chogwiritsa ntchito malo, chija amati DUAT, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa pamsonkhano. Linanenanso kuti munthu wa dziko lina angapatsidwe chilolezochi pokhapokha atakhala m'dziko zaka zisanu ndipo ali ndi ntchito yovomerezeka ndi Boma. Malamulo otsatira a chaka cha 1998 anaika mamita 50 oyamba kuchokera pamene madzi a nyanja amalekezera akadzaza kukhala malo otetezedwa, amene munthu sangawatenge ngati ake.

Choncho amene amatenga mlendo usiku kukamusonyeza gombe, n'kulandira ndalama mseri ponena kuti wamugulitsa, wanamiza mlendoyo ndipo wabera mudzi. Mapeto ake ndi waya wotchinga njira ya kumadzi, ndi chidani chimene chidzakhalepo mlendoyo atachoka kalekale. Boma la Lago linaona kale mikangano yotere pa minda m'zaka za m'ma 2000, pamene kampani ya Chikweti inkabzala mitengo ya paini ndi bulugamu m'maboma a Lago, Sanga ndi Lichinga, ndipo midzi inadandaula kuti mafumu okha ndiwo anafunsidwa. Phunziro lake likhudzanso mlendo mmodzi wofuna kumanga kanyumba kake. Apite kwa amfumu masana, anthu aitanidwe, amayi ndi asodzi alankhule, malire aonetsedwe ndi mapazi, ndipo zimene agwirizana zilembedwe. Mlendo wa mtima wabwino sadzakana njira imeneyi, chifukwa ndi imene imamuteteza iye mwini.

Ena adzati zonsezi n'kudzinamiza, pakuti mzungu sangafanane ndi mwini mudzi ngakhale atadya nkhungu tsiku lililonse. Akadwala kwambiri amamunyamula kupita ku Lichinga kapena kunja, zinthu zikavuta m'dziko amakwera ndege, ndipo ana ake sadzaphunzira pansi pa mtengo. Amenewa akunena zoona, ndipo mlendo wanzeru sayenera kudzionetsa ngati wosauka pamene sali wosauka. Koma mudzi sunayambe wafuna kuti anthu onse afanane. Mphunzitsi wochokera ku Nampula, namwino wochokera ku Beira ndi wamalonda wochokera ku Tanzania onse ali ndi kwawo, ndipo ena ali ndi ndalama kuposa anansi awo, koma amayembekezeredwa kufika pamaliro, kupereka moni ndi kumvera bwalo. Khungu lisachititse kuti wina akhululukidwe udindo umenewu, kapena kuti amanidwe mwayi woukwaniritsa.

Ngati pali anthu oyenera kumvetsa mtima wa munthu wokhala m'dziko la eni, ndi anthu a m'malire ano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Malawi linali kusunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo kuchokera ku Moçambique, ndipo m'mabanja ambiri a ku Chiwanga, Ngoo ndi Kobwe muli agogo amene anakhala zaka ku Likoma, ku Nkhata Bay kapena ku Tanzania. Iwo akudziwa kusiyana kwa mudzi umene unangowapatsa chakudya n'kumawatchabe othawa, ndi mudzi umene unawabwereka kamunda, kuwaitana ku ukwati ndi kuwaikira malemu awo. Akudziwanso kuti amene anakhala bwino kumeneko ndi amene anaphunzira mwambo wa eni ake nagwira nawo ntchito. Mzungu amabwera mwa kufuna kwake ndipo sabwera ndi njala, komabe usiku woyamba m'dziko lachilendo umakhala wautali kwa aliyense.

Zoyenera kuchita si zambiri ndipo sizifuna ndalama. Mlendo wobwera kudzakhalitsa akaonekere kwa amfumu ndi kwa secretário m'sabata yake yoyamba, osati akafuna malo okha. Mudzi umusankhire banja limodzi lodalirika loti likhale ngati ankhoswe ake, lomuphunzitsa chinenero, lomuuza maliro akagwa, ndi lomudzudzula akaphonya. Zopempha za chitukuko zidzere pabwalo, osati pakhomo lake mmodzimmodzi. Agulitsidwe nsomba pa mtengo wa aliyense. Iye nayenso agule pamudzi zimene zikupezeka pamudzi, alipire antchito ake malipiro oyenera ndi pa nthawi yake, asiye njira ya kumadzi yotseguka, ndipo kuyambira chaka choyamba aphunzitse mnyamata kapena mtsikana wa pamudzi ntchito imene iye akuidziwa. Amfumu ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti a m'mphepete mwa nyanja ayambe kukambirana zimenezi tsopano, gombe likadali m'manja mwa eni ake.